Ndege za Mapesi

Sendera kuno mdzukulu wanga, usiye kaye foniyo. Amayi ako andiuza kuti dzulo kusukulu anakufunsani za ntchito imene mukufuna kudzagwira, iwe n'kunena kuti udzayendetsa ndege, anyamata a m'kalasi mwako n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Asiye aseke. Agogo akowa anasekedwanso pa nkhani yomweyo, dziko lino likutchedwa Nyasaland, chiyankhulo chathuchi chikulembedwabe kuti Chinyanja pa mabuku a sukulu.

Ine ndinabadwa mu 1946, m'munsi mwa phiri la Michiru, ulendo wa ola limodzi wapansi kukafika pabwalo la ndege la Chileka. Ana a kwina ankakula akumva kulira kwa sitima kapena kwa lole za fodya, ife tinakula tikumva ndege. Ikamadutsa pamwamba pa mudzi, nkhuku zinkathawira pansi pa nkhokwe poganiza kuti ndi mphamba, agalu n'kumauwa kumwamba, ife ana n'kumathamanga pabwalo tikukweza manja ndi kukuwa kuti atiponyere buledi. Sanatiponyerepo kanthu, koma mawa lake tinkakuwanso.

Msuweni wanga wina wamkulu ankagwira ganyu yotchetcha udzu m'mphepete mwa bwalolo, ndipo ndiye anandiphunzitsa mayina a ndege. Zonse zinali za kampani ya Central African Airways, imene likulu lake linali ku Salisbury, kumene lero mukuti Harare. Panali kandege kakang'ono ka injini imodzi, Beaver, kamene kankapita ku mabwalo a fumbi a ku Lilongwe, Mzimba ndi Karonga. Panali Dakota ya mainjini awiri, imene ikatera inkaima ngati galu wokhala pansi, mphuno m'mwamba mchira pansi. Kenaka kunabwera Viscount ya mainjini anayi, mawindo ake aakulu obulungira ngati dzira. Imeneyo sinkagunda ngati zinzake, inkaliza mluzu wolasa m'makutu. Ndidakali mwana ndinali nditadziwa kusiyanitsa zitatuzi ndili m'nyumba, ndi khutu lokha.

Nthawi yokolola inali nthawi ya fakitale yathu. Tinkatola mapesi ouma, n'kusenda khungu lake lolimba lija kukhala timizere, chamkati chofewa chija n'kukhala thupi la ndege. Mapiko tinkalumikiza ndi minga ya mthethe. Pulopela tinkasema kuchokera ku khungu lomwelo, n'kuibaya pamphuno ndi munga wautali kuti izizungulira ukamathamanga moyang'anana ndi mphepo. Anzanga ankangopanga ndege basi, koma ine ndinkakangana nawo. Iyi si Dakota, Dakota ili ndi kagudumu kumchira. Anatopa nane.

Tsiku lina ndikudyetsa mbuzi za amalume ndinaona Viscount ikuzungulira kawiri isanatere, ndipo ndinakwera pachulu kuti ndione chimene chavuta. Pamene ndinkatsika, mbuzi zonse zisanu ndi ziwiri zinali m'munda mwa nandolo wa eni ake. Mlandu unakathera kwa anyakwawa, amayi analipa nkhuku yathadzi, ine ndinalandira zanga ndi kamtengo ka bwemba. Usiku umenewo amayi anati, "Mwana iwe udzagwa m'dzenje ukuyang'ana kumwamba." Sanali kutali ndi choonadi, koma za dzenjelo ndikuuza kutsogoloku.

Sukulu ndinayamba mu 1954. Masiku amenewo sankafunsa chikalata cha kubadwa. Unkadutsitsa dzanja lamanja pamwamba pa mutu, ukagwira khutu lakumanzere ndiye kuti wakula, lowa Sub A. Tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, kulemba ndi chala pamchenga, mphunzitsi akudutsa ndi kamtengo kuona ngati "a" wako ali ndi mchira. Sileti inabwera pambuyo pake, ndipo tinkaifufuta ndi malovu, za madzi musandifunse. Kabudula anali mmodzi wa khaki, nsapato kunalibe, matekenya okha ndiwo sankasowa. Fizi amayi ankaipeza pogulitsa mazira ndi thobwa m'mbali mwa msewu wa ku Chileka.

Tili mu Standard 3 mphunzitsi wathu anatifunsa funso lomwe anakufunsani dzulolo. Mayankho ake ankadziwika kale, chifukwa ntchito za munthu wakuda wophunzira zinali zowerengeka pa zala: uphunzitsi, ukalaliki kwa DC kapena ku Mandala, upolisi, ubusa, kapena kuthandiza dokotala kuchipatala. Wina anati akufuna kukhala mesenjala chifukwa cha chisoti chofiira chija. Itafika nthawi yanga ndinaimirira n'kunena kuti ndikufuna kuyendetsa Viscount. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko. Mtsikana wina anafunsa ngati ndidzakwere ndi matekenya angawo. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Payiloti, ndipo alipo okalamba awiri atatu kumudzi kuja amene mpaka lero sadziwa dzina langa la ubatizo.

Aphunzitsiwo sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kundifunsa kuti, "Kumwambako kuli msewu?" Ndinati ayi. "Kuli munthu wolima m'mbali mwa njira woti ungamufunse kuti ku Salisbury n'kuti?" Ndinati ayi. "Ndiye woyendetsa ndege amafunsa ndani? Amafunsa masamu. Iwe masamu unapeza zingati sabata yatha?" Ndinali nditapeza zitatu pa khumi. Chiseko chinayambiranso, koma ine ndinali nditamva.

Masamu a nthawi imeneyo sanali a kwacha ndi tambala, amene unangosuntha kadontho basi watha. Kwacha inabwera mu 1971. Ife tinkawerenga mapaundi, masheleni ndi makobiri: makobiri 12 kupanga sheleni imodzi, masheleni 20 kupanga paundi imodzi, pakati apo pali tiki wa makobiri atatu ndi sikisi. Kuchotsera ndalama zotere kunkafuna mutu wozizira. Aphunzitsi aja anandipeza pofooka panga. Ena akamapatsidwa samu ya mayi wogula mayadi a nsalu, ine ankandilembera yangayanga pasileti: ndege ikuthamanga mamailosi 150 pa ola, ulendo ndi wa mamailosi 375, yanyamuka 9 koloko, itera nthawi yanji? Ndinkaisenza samuyo kupita nayo kubusa, n'kumailemba pamwala ndi khala. Usiku ndinkaloweza matebulo pa koloboyi mpaka m'mphuno kuda bii ndi mwaye, amayi akudandaula za palafini. Chaka chisanathe ndinali woyamba pa masamu.

Chaka chomwecho, 1958, Chileka inaona chinthu chimene inali isanaonepo. Sabata imodzi m'mbuyo anthu anali atasonkhana kale pabwalo atamva kuti Dr Banda akubwera, koma ndege inatera iye mulibe, anthu n'kubwerera okwiya. Lamulungu pa 6 July anabweradi. Anthu anadza pa malole, panjinga, ambiri wapansi, kuchokera ku Ndirande, ku Lunzu, ku Chiradzulu ndi kutali. Ine ndinali ndi zaka 12, ndinakwera mumtengo. Ndikuuze zoona, mdzukulu wanga, ngakhale zikuchititsa manyazi: pamene chikhamu chonse chinkayang'ana pakhomo la ndege kudikira kamunthu kakafupi kovala suti ndi chipewa, ine maso anali pa kawindo kakutsogolo, kumene mzungu wina wa malaya oyera ankavula zomvera m'makutu n'kumalemba m'kabuku. Akuluakulu akamakamba za tsikulo amakamba za nthungululu ndi zimene zinayankhulidwa. Ine ndimakumbukira kabuku kaja.

Miyezi isanu ndi itatu itadutsa, ndege zomwe ndinkazikondazo zinabwera ndi nkhope ina. Chakumapeto kwa February 1959 zinayamba kutsitsa asilikali ochokera ku Southern Rhodesia, ndipo pa 3 March boma linalengeza lamulo la pangozi. Dr Banda anamugwira m'bandakucha ku Limbe, n'kudutsa naye pa Chileka pomwepo kupita kundende ya ku Gwelo. Ndege zankhondo zinkadutsa m'munsi kwambiri pamwamba pa midzi, zina zikumwaza timapepala tochenjeza anthu. Ulendo uno sitinathamange kukweza manja. Amayi anatilowetsa m'nyumba, n'kutseka chitseko ndi mtondo. Ndege yanga ya mapesi anaiponya pamoto, poopa kuti asilikali akaiona aganiza zina. Ndinalira, koma mwakachetechete.

Mayeso a Standard 6 ndinalemba mu 1961. Muyenera kumvetsa, inu a lero, kuti masekondale m'dziko lonse anali ochepa moti mwana wa sukulu ankatha kuwatchula onse mpweya usanamuthere. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951, ndi ena ochepa amene anabwera pambuyo. Dzina lako likatuluka, mudzi wonse unkadziwa. Langa linatuluka, ku sekondale ina ya mishoni yogonera konko. Amalume, amene ankagwira ntchito yophika kwa mzungu ku Salisbury, analemba kalata kuti fizi ndi yawo. Amayi anandigulira sutikesi ya malata ndi nsapato zanga zoyamba, zimene ndinayenda nazo m'manja mpaka pageti la sukulu kuopa kuzitha.

Moyo wa kumeneko ndingakambe mpaka kucha. Sabata zoyamba a Form 2 ankatichita tizi: kutichapitsa zovala zawo, kutiimbitsa nyimbo titaima pa mwendo umodzi, kutiuza kuti tizimitse getsi ndi mpweya wa pakamwa. Atamva dzina langa loti Payiloti anandiuza kuti nditambasule manja ndizungulire hositelo yonse ndikulira ngati ndege. Ndinafunsa kuti ndege yake iti, Dakota kapena Viscount. Anaseka kwambiri moti anandisiya, ndipo mmodzi wa iwo anasanduka mnzanga wa moyo wonse. Chakudya chinali nsima ya mgaiwa ndi nyemba, Lolemba mpaka Loweruka, nyembazo zili ndi anankafumbwe oyandama pamwamba amene tinkati ndiyo nyama yake. Kuyankhula Chinyanja kunali mlandu. Ukagwidwa ankakupatsa kachitsulo koti uvale m'khosi mpaka nawe ugwire wina, ndipo wogona nako ankakakumba dzenje Loweruka. Zimenezi mpaka lero sindimazivomereza. Anatiphunzitsa Chingerezi chabwino, inde, koma anatisandutsanso akazitape a anzathu pa chiyankhulo cha amayi athu.

Koma kunali laibulale, kachipinda kamodzi konunkha chinyezi, ndipo mmenemo munali buku lakale lofotokoza za makina. Masamba a ndege ndinawawerenga mpaka anathothoka. Mphunzitsi wa sayansi atandipeza nalo anang'amba kapepala kakatali, n'kukagwira pansi pa mlomo wake, n'kuuzira pamwamba pake. Kapepalako, m'malo mogwa, kanadzuka. Anati phiko la ndege analipanga mokhota pamwamba ndipo limapendekeka pang'ono, kotero likamang'amba mpweya mothamanga limaukankhira pansi, mphamvu ya mpweya pamwamba pa phiko imachepa kuyerekeza ndi ya pansi, ndipo chitsulo cholemera kuposa njovu zingapo chimanyamuka. Mpaka tsiku limenelo kamtima kena mwa ine kankakhulupirirabe zimene agogo anga aakazi ankanena, zoti azungu ali ndi lichero lawo la usiku, kungoti iwo amaliulutsa masana. Ndinauzira timapepala sabata yonse mpaka mutu kuwawa.

Ndili mu Form 2, mu 1963, amalume anabwera kuchokera ku Salisbury akutsokomola, ndipo mvula isanagwe tinawaika m'manda. Chakudza sichiimba ng'oma. Mayeso a Junior Certificate ndinalemba ndipo ndinakhoza, koma fizi ya Form 3 panalibe woilipira. Amayi anafuna kugulitsa mbuzi zonse, koma mbuzizo zinali za mbumba yonse, osati za mwana mmodzi. Sutikesi ya malata ija inabwerera kumudzi.

Ndinapeza ntchito m'sitolo ya Mmwenye ku Limbe, kuyeza nsalu ndi kulemba ngongole. Masamu a masheleni aja anandidyetsa. Mu 1964, chaka cha ufulu, kunabadwa Air Malawi, ndipo ndinaona dzina la dziko lathu litalembedwa pathupi la ndege. Mtima unayambanso kugunda. Ndinalemba kalata ya Chingerezi changa chonse kupita ku ofesi ina ya za ndege, kufunsa njira imene mnyamata angadzere kuti aphunzire kuyendetsa. Anandiyankha, ndipo mwaulemu. Anati pamafunika satifiketi ya Cambridge yokhala ndi masamu ndi sayansi, thupi labwino, ndiponso maphunziro a kunja kwa dziko amene mtengo wake unali woti malipiro anga a m'sitolo sakanaufika ngakhale nditakalamba. Kalatayo ndinaisunga m'Baibulo zaka zambiri mpaka chiswe chinaipeza.

Apa ndi pamene ndinawakwiyira aphunzitsi anga a Standard 3. Iwo ankadziwa. Zaka zonse zimene ndinakhala ndikusuzumira pa waya wa Chileka sindinaonepo munthu wakuda atakhala pa kawindo kakutsogolo kaja, ndipo iwo, munthu wamkulu wowerenga nyuzipepala, ankadziwa bwino kuposa ine chifukwa chake. Bwanji sanandiuze? Ndinakhala ndi funso limeneli nthawi yaitali. Lero ndimaganiza kuti anaona mwana waulesi pa masamu amene ali ndi chingwe chimodzi chokha chomukokera, ndipo anachigwira. Kaya kunali kundinamiza kaya kunali kundiphunzitsa, ndimasinthasintha maganizo malinga ndi mmene ndadzukira.

Ndege ndinakwera ndithu, koma osati mmene ndinkalotera. Mu 1968 ndinalembetsa Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kupita nawo ku migodi ya golide ya ku Joni. Anatiyeza sikelo, kutimvetsera m'chifuwa, kutidinda zala, kenaka m'mawa wina anatifoletsa pa Chileka pomwe paja, mbali ino ya waya. Ndegeyo inali ya mainjini anayi, yopita ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene tinkakakwera sitima ya pamtunda mpaka Johannesburg. Dzenje limene amayi ananena lija linali limenelo: mwana woyang'ana kumwamba anakwera ndege kupita pansi pa nthaka.

Anzanga ambiri anali asanaionepo ndege pafupi. Ena ankapemphera, ena anaphimba kumutu ndi bulangete, wina anasanza isananyamuke n'komwe. Ine ndinalimbirana mpando wa pawindo, pafupi ndi phiko. Mainjini atalira, udzu umene msuweni wanga ankatchetcha unayamba kuthawira m'mbuyo, kenaka kugwedezeka kwa magudumu kunangoti zii. Ndinaona Michiru ali pansi panga ngati chulu, minda ngati zigamba za pa kabudula, Shire ngati ulusi wotayidwa pansi. Ndinafunafuna denga la amayi koma sindinalipeze. Pafupi nane panali bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu, akunjenjemera, atagwira makutu akuti mutu ukuphulika. Ndinamuuza kuti ameze malovu ndi kuyasamula. Ndege itayamba kudumphadumpha m'mitambo anandigwira dzanja n'kufunsa ngati tikugwa. Ndinati ayi bambo, ndi mabampu a mumpweya, ngati a msewu wa ku Mwanza, onani phikolo likugwira ntchito yake. Ndinang'amba kapepala n'kumuonetsa za kuuzira zija. Anthu a mipando yoyandikana anasendera kudzaona, ndipo mpaka ku Francistown ndinali ndikuyankha mafunso. Nthawi ina chitseko chakutsogolo chinatseguka pang'ono, ndinaona mawotchi ambirimbiri ndi msana wa munthu wa malaya oyera. Chinatsekedwanso. Kuyendetsa ndege kwanga konse kunathera pamenepo.

Za kumgodi ndidzakuuza tsiku lina. Chifukwa cha Chingerezi ndi masamu sindinakhalitse pansi, anandipatsa ntchito ya ukalaliki, imene kumeneko amati mabalane. Ndinapita maulendo awiri, n'kubwera ndi njinga, wailesi, makina osokera a agogo ako aakazi ndi ndalama ya malata. Ulendo wachitatu ndinkaulingalira pamene tinamva za pa 4 April 1974. Ndege ya Wenela yobweretsa anthu kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafa, anthu amene anali atamaliza kontalakiti, katundu wa ana awo ali m'masutikesi. Kafukufuku anapeza kuti mafuta ake anasakanikirana ndi a mtundu wina. Dr Banda analetsa pomwepo kulemba anthu a Wenela. M'midzi yambiri munali maliro opanda mtembo woti anthu auone. Ndinaganiza za bambo wa ku Ntcheu uja, amene ndinamutsimikizira kuti phiko likugwira ntchito yake, ndipo kwa nthawi ndithu ndege ikamadutsa sindinkakweza mutu.

Ndi satifiketi ya JC ija ndinakalowa kosula aphunzitsi, n'kutuluka ndi T3. Ndinaphunzitsa masamu ku pulayimale mpaka kupuma. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Air Malawi inali ndi VC10, chindege cha mainjini anayi onse kumchira, chimene chinkapita mpaka ku London, ndipo ndinkatenga ana a Standard 8 wapansi kukachiona titaima pakhonde la pamwamba pa Chileka. Chikamanyamuka, chifuwa chinkanjenjemera. Pobwerera ndinkawapatsa samu ya mamailosi ndi maola, ndipo ankadandaula kuti ulendo wabwinobwino ndauwononga. Bwalo la ku Lumbadzi litatsegulidwa mu 1983 ndege zazikulu zinasamukira kumeneko, Chileka n'kukhala chete ngati mudzi wa anthu opita kudambo.

Mu March 2017 ndinali pakhonde pano ndi wailesi pamene ananena kuti ndege ya Malawian Airlines yanyamuka ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam, ndipo onse oyendetsa ndi othandiza anali amayi okhaokha, kaputeni wake Yolanda Kaunda. Ndinaitana agogo ako aakazi kuti adzamve, koma anali kumunda, ndiye ndinangouza nkhuku. Mwana wamkazi wa dziko lino, pa kawindo kaja. Anyamata a m'kalasi mwako ukawauze dzina limenelo akalifufuze pa mafoni awowo.

Sindikunamiza ngati mmene mwina anandinamizira ine. Maphunziro a ndege ndi odula mpaka lero, ndipo bambo ako si munthu wa ndalama. Koma khomo limene ine ndinalipeza litamangidwa ndi njerwa, iwe walipeza lili ndi chitseko. Amayi ako akuti pa masamu teremu yatha unapeza 41. Mawa ukaweruka ubwere ndi kope lako ndi pensulo, ndipo foniyo uisiye kunyumba.